Momwe mungakonzere kapinga ndi kadimba ka pakhomo mvula isanakhazikike

Okutobala akafika, kapinga wa m'makomo ambiri kuno ku Kasungu amaoneka ngati wafa. Sanafe ayi, mizu yake ikungodikira chizimalupsa. Ntchito yeniyeni ndi ya masabata ano, chifukwa mvula ikakhazikika mu Disembala vuto silikhalanso kusowa kwa madzi. Amachuluka, ndipo kutentha kukakumana ndi chinyezi matenda a mbewu amabuka.

Yambani ndi njira ya madzi. Zungulirani nyumba, mukumbukire pomwe madzi a padenga ankagwera chaka chatha. Mupeza kamzere kokumbika m'munsi mwa malata. Ikanipo miyala kapena zidutswa za njerwa, kenaka tsegulani kangalande kolowera ku nthochi kapena kumitengo. Dothi lamchenga la madera ambiri kuno silichedwa kukokoloka, ndipo kusesa pabwalo m'mawa uliwonse kumalithandizira kuchoka. Onani nyumba zakale zomwe maziko ake ali pamtunda, mudzamvetsa chifukwa chake kapinga si wokongoletsa chabe.

Kapinga woumayo musamutenthe. Palani udzu wakufa ndi reki kapena tsache lolimba, muuponye padzenje la kompositi. Pomwe dothi lagwirana, makamaka pomwe ana amasewerera mpira, boolani ndi foloko kuti madzi azilowa. Kenaka wazani manyowa owola bwino, ochepa chabe, udzu uzionekabe. Ndowe yaiwisi ayi, imabwera ndi njere za zitsamba. Malo omwe kapinga anatheratu, pemphani timizu kwa anansi, mubzale motalikana masentimita 15, koma dikirani mvula yonyowetsa nthaka ndithu. Yoyamba ija imanamiza, dzuwa limatha kubwereranso sabata ziwiri.

Pa kutchetcha ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Timauza waganyu kuti amete mpaka pansi, ati kuti asabwerenso msanga. Ine ndinachita zimenezi chaka china, ndipo pofika Febuluwale pabwalo panali chisoso ndi matope okhaokha. Kapinga wometedwa mpala amafooka, dzuwa limafika padothi, zitsamba n'kumera. Siyani msinkhu wa zala zitatu, pafupifupi masentimita 5, ndipo musadule kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake nthawi imodzi. Mu Januwale izi zikutanthauza kutchetcha sabata iliyonse. Nolani chikwakwa, chobuntha chimang'amba udzu ndipo nsonga zimasanduka zofiirira. Tchetchani mame atauma. Udzu wautali pafupi ndi khonde ndi pobisalira udzudzu ndi njoka.

Tsopano kadimba. Mabedi olowa pansi omwe munagwiritsa ntchito m'chilimwe asinthe, m'dzinja pamafunika okwera, masentimita 15 mpaka 20, mulifupi mita imodzi kuti muzipalira osapondapo. Sakanizani dothi ndi kompositi. Ngati mukufuna manyowa a Mbeya (osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono), ayambeni pano, paja amafuna masiku 21 m'thumba asanapse.

Bonongwe, therere, nkhwani ndi khwanya sizivuta nyengo ino. Repu ndi mpiru zimakonda kozizira, choncho musadabwe zikavutika ndi tizilombo.

Matimati ndiye amafuna mtima. Matenda a chiwawu amakonda masamba onyowa, ndipo madontho a mvula amathovutsira dothi la matenda pamasamba a m'munsi. Bzalani motalikana masentimita 60 kuti mphepo izidutsa, zikani timitengo n'kumangirira, thotholani masamba okhudza pansi, ndipo phimbirani dothi ndi udzu wouma, osaugunditsa kutsinde. Mvula ikadula, thirirani m'mawa, patsinde osati pamasamba. Chinanso chofunika kwa ife a kuno: musabzale matimati pomwe panali nazale ya fodya kapena kachewere. Mbewuzi ndi za banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda, kuphatikizapo tinyongolotsi totupitsa mizu.

Nsabwe za m'masamba muzizifufuza kunsi kwa tsamba. Masamba a nimu osinja, oviikidwa usiku wonse n'kusefa, amathandiza mukawaza madzulo, kungoti mvula ikagwa muyenera kubwereza. Nkhono tolani ndi manja m'mamawa. Chomera chomwe chagwidwa chiwawu kwambiri chizuleni, mukachikwirire kutali, chisalowe padzenje la kompositi.