Momwe mungawerengere machenjezo a Xcode okhudza retain ndi release

Achinyamata amene amapanga mapulogalamu a iPhone kuno ku Thyolo, kaya ophunzira a ku MUST kaya ogwira maganyu a pa intaneti, nthawi zina amapatsidwa khodi yakale ya chilankhulo cha Objective-C kuti aikonze. Mukasankha Product kenako Analyze mu Xcode, pulogalamu ya Apple yolembera khodi, chida chofufuzira zolakwika chotchedwa Clang Static Analyzer chimawerenga khodiyo osaiyendetsa, n'kuika machenjezo a buluu. Musawanyalanyaze.

Chinthu chilichonse chimene pulogalamu yapanga chimakhala ndi chiwerengero cha eni ake. Retain imaonjezera 1, release imachotsa 1, ndipo chikafika pa 0 chinthucho chimachotsedwa mu memori. Choncho pa chenjezo lililonse dzifunseni: pa mzere uno, mwini wake ndani?

Yambani ndi kudina chenjezolo kuti mivi ya buluu ioneke. Mzere umene chenjezo laima si kumene vuto layambira. Bwererani pa muvi woyamba, pamene palembedwa "+1 retain count" kapena "+0 retain count", n'kutsatira mpaka kumapeto.

Kenako onani dzina la method (kachigawo ka khodi kamene mumaitana) kapena function imene inakupatsani chinthucho. Ngati likuyamba ndi alloc, new, copy kapena mutableCopy, ndi chanu, muyenera kuchimasula. Mu Core Foundation ndi Core Graphics, malaibulale a Apple a chilankhulo cha C, chanu ndi chochokera ku dzina lokhala ndi Create kapena Copy. Chochokera ku Get mwangobwereka.

Tinene kuti pulogalamu yanu imajambula masamba a tiyi kuti mlimi aone matenda. Mwaitana CGBitmapContextCreateImage, Xcode ikuti "Potential leak of an object", kutanthauza kuti mwina chinthu chanu sichinamasulidwe. Pakusowa mzere wa CGImageRelease womasula chithunzicho. Kawirikawiri mumapeza kuti mzerewo ulipo pansi, koma pakati pali return imene imatuluka msanga zinthu zikalakwika, n'kuudumpha. Zithunzi zimadya memori kwambiri. Zikaunjikana, iOS imangotseka pulogalamu mlimi ali pakati pa munda.

Chenjezo loti "Incorrect decrement of the reference count" ndi loopsa kuposa limenelo. Mwamasula chinthu cha eni, ngati kugulitsa khasu lobwereka. Mwini akadzachifuna, pulogalamu imagwa ndi EXC_BAD_ACCESS. Chotsani release imeneyo.

Ena amati ARC (Automatic Reference Counting), imene imaika yokha retain ndi release, imene Apple inabweretsa mu 2011, inathetsa zonsezi. Ayi ndithu. ARC siyang'anira zinthu za Core Foundation. Muzimasule nokha ndi CFRelease, kapena muzipereke m'manja mwa ARC ndi CFBridgingRelease.

Nthawi zina khodi ili bwino, cholakwika ndi dzina. Method yoyamba ndi new koma yosapereka umwini imasokoneza analyzer. Ine ndimakonda kusintha dzinalo. Ngati sizingatheke, ikani NS_RETURNS_NOT_RETAINED pa method imeneyo, chizindikiro chouza analyzer kuti sikupereka umwini.

Analyzer imeneyi siwerenga Swift, chilankhulo china cha Apple, komanso musaidalire pa zinthu ziwiri zogwirana, chilichonse chikusunga chinzake. Zimenezo muzisake pulogalamu ikuyenda, ndi Memory Graph Debugger kapena Leaks ya mu Instruments, zida zimene zimabwera ndi Xcode.