Kuika BGP pa ma switch ambiri ndi Ansible

Achimwene a ku Luchenza, mwafunsa njira yoikira BGP (protocol imene ma switch ndi ma router amauzirana njira za pa network) pa ma interface osalowa switch imodziimodzi. Ansible (pulogalamu yokonzera makina ambiri pakamodzi) ndi FRR (pulogalamu yoyendetsa BGP pa switch) zikukwanirani.

Yambani ndi fayilo ya YAML ya switch iliyonse: ASN (nambala yoizindikiritsa mu BGP), loopback (IP ya switch yosadalira port iliyonse), ndi ma port opita ku spine (ma switch apakati olumikiza ma switch enawo). Kenako template ya Jinja2 (imene Ansible imaidzaza ndi zomwe zili mu YAML) itulutse frr.conf, fayilo ya ma setting a FRR, port iliyonse ikhale ndi mzere wotere:

neighbor swp1 interface remote-as external

Apa swp1 ndi dzina la port. Njira imeneyi ndi BGP unnumbered. Imadzera pa IPv6 link-local (ma adiresi amene port imadzipatsa yokha), ndiye simuvutika kugawa ma IP pa waya uliwonse. Ine ndimaikonda chifukwa chomwechi.

Yesani kaye Ansible ndi --check --diff, muwerenge modekha zomwe zisinthe. Mukakhutira ikani serial: 1 (Ansible izikonza switch imodzi kenako ina), kuti cholakwika chisagwetse zonse pakamodzi. FRR muichite reload, osati restart. Pomaliza show bgp summary ikuonetsani ngati ma neighbor (ma switch oyandikana) alumikizana.