Kusankha zithunzi zabwino mu foda yodzaza pogwiritsa ntchito FastStone

Mukachokera ku chinkhoswe kapena ku ukwati ndi memori khadi yodzaza, musayambe kusankha zithunzi pa khadi pomwepo. Zomwe mwafufuta pa khadi kapena pa fulashi sizipita mu Recycle Bin ya Windows, ndiye chala chikangophonya, chithunzi chapita. Yambani mwakopera foda yonse ya DCIM (momwe kamera imasunga zithunzi) pa kompyuta, n'kuitcha dzina loyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, monga 2024-08-17 Chinkhoswe. Mafoda otchulidwa motere amandandalikika okha motsata nthawi.

Kenako tsegulani FastStone Image Viewer, pulogalamu ya pa Windows yomwe ndi yaulere kwa oigwiritsa ntchito pa zawo ndi pa maphunziro. Sankhani foda ija kumanzere, ndipo dinani kawiri chithunzi choyamba kuti chidzaze sikirini. Mivi ya pa kiyibodi ndiyo yosunthira kutsogolo ndi kumbuyo. Mukakankhira mausi kumtunda kwenikweni kwa sikirini mumaona mzere wa tizithunzi tonse, pomwe kumanja kumatuluka EXIF, mfundo zomwe kamera imasunga m'chithunzi, monga tsiku, ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) ndi liwiro la shata (nthawi yomwe kamera imatsegukira kuwala).

Ulendo woyamba musafufute kanthu. Pitani pa Tag, yatsani Allow File Tagging, ndipo chithunzi chikakusangalatsani dinani Q kuti muchiike chizindikiro. Yendani mwachangu, osaima kulingalira. Pomaliza uzani pulogalamuyo ionetse zokhazo zomwe mwaika chizindikiro.

Ulendo wachiwiri ndiwo wofunika kudekha, chifukwa chithunzi chooneka chakuthwa chili chaching'ono chimatha kukhala cha mbuu chikakulitsidwa. Dinani mausi osaisiya pa nkhope ya munthu kuti malowo akule, ndipo yang'anani maso. Maso akapanda kuoneka bwino, chisiyeni, ngakhale chitenje ndi maluwa zitawala chotani. Ngati EXIF ikuonetsa shata yochedwa ya 1/30 ya sekondi pa anthu ovina, gwero la vutolo ndi limenelo, ndipo kukonza pa kompyuta sikungathandize kwenikweni. Zithunzi za gulu n'zovuta kwambiri: nthawi zambiri pamakhala wina wotsinzina. Sankhani zofanana ziwiri mpaka zinayi mutagwira Ctrl, muzitsegule ndi Compare Images, muone nkhope iliyonse zili pambalipambali.

Zomwe zapambana zikopereni mu foda yatsopano, zoyambirira zikhale momwe zilili. Sinthani mayina ndi Batch Rename, chifukwa makamera awiri atha kupereka dzina limodzi, monga IMG_0001, ndipo pophatikiza mafoda china chingalowe m'malo mwa chinzake.

Zithunzi za iPhone za mtundu wa HEIC zikakana kutseguka, ikani HEIF Image Extensions ndi HEVC Video Extensions kuchokera ku Microsoft Store. Zobwera pa WhatsApp zimakhala zochepetsedwa ndipo zilibe EXIF, choncho pemphani mwini wake azitumize ngati Document. Khadi ija musaifufute mpaka zithunzi zitasungidwa malo awiri, pa kompyuta ndi pa hard drive ina.