Okwera njinga, lekani kunyamuka mwera uli kumsana

Mwera wa chaka chino wabwera ndi ukali, ndipo waulula vuto lina limene ndalephera kulisunga kukhosi. Loweruka ndi Lamlungu lililonse misewu yotuluka mu Lilongwe ikumadzaza ndi anthu opalasa njinga mongosangalala kapena kulimbitsa thupi: anyamata, atsikana, abambo ofuna kuchepetsa mimba, amayi a m'maofesi, onse pa njinga za matayala opyapyala zija. Zimenezo sindikudandaula nazo, n'zabwino ndithu. Chondivuta ndi zimene ndikumaona dzuwa likapendeka. Ena atakhala tsonga pansi pa mtengo cha ku Lumbadzi, ena akukankha njinga pa Msundwe, ena akukangana ndi kondakitala wa minibasi za mtengo wokwezera njinga. Ukayang'ana njingayo, tayala silinaphwe, tcheni sichinaduke, mabuleki ali bwinobwino. Watha ndi mwini wake. Ukawafunsa mmene ayendera, onse nkhani yawo ndi imodzi: ananyamuka mphepo ikuwakankha kumsana.

Kuyambira mwezi wa May mpaka cha mu August mphepo ya kuno imachokera kum'mwera chakum'mawa. Ndi yomwe ija a nthambi yoona zanyengo amachenjeza nayo asodzi pa wailesi kuti asalowe panyanja. Anthu akumtunda amaganiza kuti chenjezolo ndi la ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota kokha, ngati kuti mphepo ikafika pagombe imatsika n'kukhala pansi. Imakwera mpaka kuchidikha kuno. Tsono mukatuluka mu Lilongwe kulowera ku Lumbadzi ndi Mponela, kapena kutenga msewu wa ku Mchinji kudzera pa Mpingu ndi Msundwe, mwera mwauika kumbuyo. Njinga imangothamanga yokha. Mumaika giya yolemera, miyendo n'kumangozungulira mopepuka, mumtima n'kumati, “Lero ndiye ndili ndi mphamvu.” Mphamvuzo si zanu. Ndi ngongole ya katapila: potenga kumakhala kumwetulira, pobweza mumabweza ndi chiwongoladzanja chimene simunachiwerengere.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa ambiri mumakhulupirira pokhapokha muone manambala. Tiyerekeze kuti mphepo ikuomba pa liwiro la makilomita 20 pa ola. Popita inu mukuthamanga makilomita 30 pa ola, mphepo ili kumbuyo, ndiye kuti mpweya umene ukukumenyani pachifuwa ndi wa makilomita 10 okha. Mwatembenuka. Mukafuna kuyenda makilomita 20 pa ola, mpweya umene mukulimbana nawo tsopano ndi wa makilomita 40. Liwiro la mpweyawo lachuluka kanayi, koma mphamvu imene ukukukankhirani m'mbuyo sichuluka kanayi ayi. Mphepo ikawirikiza kawiri liwiro, kukankha kwake kumawirikiza kanayi; ikawirikiza kanayi, kukankha kumafika ka 16. Ndi miyendo yochepa imene ingalipire zimenezo kwa maola. Choncho liwiro limagwa, kufika 12 kapena kucheperapo, ndipo mtunda wa makilomita 30 umene munaudya pa ola limodzi ukufuna maola awiri ndi theka kuti muubweze.

Apa ndi pamene nkhani ya mdima imalowera. Munthu watuluka kutchalitchi, wadya nsima, wanyamuka 2 koloko. Pofika 3 koloko ali kale kutali, akudzijambula pafoni, akumwa zoziziritsa kukhosi pagolosale. Ayamba kubwerera cha m'ma 3:30. Mu June ndi July dzuwa la kuno limalowa cha m'ma 5:30, ndipo likangolowa mdima sudikira. Ndiye kuti mphindi zomaliza za ulendowo, zimene munthu watopa kwambiri, mutu sukugwira bwino, akuziyenda mumdima, alibe nyali, pamsewu umene m'mphepete mwake tala anadyeka n'kusiya mano. Iye anauza akunyumba kuti abwera pakatha maola awiri.

Nthawi ya mphepo nayonso simuiganizira. Masiku ambiri m'bandakucha kumakhala bata, mphepo imadzuka dzuwa likakwera, n'kumakula chakumasana. Amene amanyamuka m'mawa kulowera kumpoto kapena kumadzulo amapita ndi kamphepo kochepa kowathandiza, pobwerera n'kupeza yakula. Apindula pang'ono, alipira zambiri.

Thupi ndiye limalipira koyamba. Miyezi ya mwera kumazizira, mphepo ndi youma, thukuta limauma lisanaoneke pakhungu, ndiye munthu saona chifukwa chomwera madzi. Amangozindukira minofu ya m'katumba ndi m'ntchafu yakokana, milomo yang'aluka, maso afiira ndi fumbi. Kenako njala ija yoopsa ya panjinga, imene miyendo imangoti lobodo, manja kunjenjemera, ngakhale kamtunda kakang'ono kukuoneka ngati phiri la Dedza. Ndipo chimene chimandikwiyitsa kwenikweni ndi khalidwe lokakamira giya yolemera. Anyamata ambiri anaphunzira kupalasa pa njinga za kabaza za giya imodzi, ndiye amaona ngati kusintha kupita ku giya yopepuka n'kuvomera kuti ndiwe wofooka. Munthu wagula njinga ya magiya ambirimbiri, koma akugwiritsa ntchito imodzi yokha, yolemera kuposa zonse, akuimirira pa mapedulo, njinga ikupendama uku ndi uku, mphepo ikumudzaza pachifuwa chonse chifukwa waima. Mawa lake bondo latupa, akuti amulodza kuntchito. Magiya enawo munawagulira chiyani, zokongoletsa?

Palinso ngozi ya mphepo yochokera chammbali, imene siimvetsa ululu koma ndi imene imapha. Ife timayenda kumanzere kwa msewu. Mukamabwerera kuchokera ku Lumbadzi mukuyang'ana kum'mwera, mwera umakumenyani kutsogolo chakumanzere, ndiye kuti ukawomba mwamphamvu umakukankhirani pakati pa msewu, kumene kuli magalimoto. Mukamabwerera kuchokera ku Namitete mukuyang'ana kum'mawa, umachokera kutsogolo chakumanja, inu n'kumautsamira osadziwa. Thiraki ikamakupitirirani imatchinga mphepoyo mwadzidzidzi, chimene munatsamiracho chachoka, njinga n'kukhotera ku thirakiyo. Ikangodutsa mphepo yabwereranso, yakuponyerani kunja kwa tala. Munthu wamphamvu zake amazigwira zimenezi. Munthu amene wapalasa maola awiri akulimbana ndi mphepo, mikono yalema, mutu wawerama akungoyang'ana tayala lakutsogolo, sazigwira.

Za ndalama sindinena zambiri, mukuzidziwa. Minibasi ikaona munthu wovala zothina ali ndi njinga yodula madzulo, mtengo umakwera pomwepo, ndipo njingayo imamangidwa ndi zingwe pamodzi ndi matumba a makala. Mukafika kwanu giya yakumbuyo yapindika, sipoko yathyoka.

Mlimi wina wa mtedza ndi soya wa mbali za Mpingu anandiseketsa tsiku lina tikuona nkhokwe yake. Tinali pa nkhani ya chuku mu mtedza, iye n'kuidula pakati.

“Alangizi, anthu anu a m'tauni aja mumawalangizako?”

Ndinamufunsa kuti ati.

“A njinga zopanda kaliyala aja. Sabata yatha ndapeza awiri pamlatho apo, wina wagona chagada pa udzu, ndinayesa maliro. Ndati, ‘Achimwene, kwagwanji?’ Akuti, ‘Bambo, kodi kuno mphepo imachita chonchi masiku onse?’ Ndati, ‘Nanga popita simunaione?’ Akuti popita kunalibe mphepo.”

Anaseka mpaka kukhosomola. Anawatengera kunyumba, mayi akunyumba anawapatsa mbatata yophika ndi thobwa, kenako anakweza njinga zawo pangolo n'kukawatula pamsewu waukulu. Akuti mmodzi anamuuza mtengo wa njinga yake, iye n'kuwerengera kuti ndi matumba angati a mtedza, mpaka anasiya kuwerenga poopa kudwala mutu. Kuchoka apo analowa m'nkhani ya masikelo a mavenda, mmene amaberera alimi, ndipo tinakhalitsa pamenepo. Koma asanasinthe nkhani ananena chinthu chimene mlimi aliyense wonyamula katundu pa njinga amachidziwa popanda kuphunzitsidwa. Iye akamapita ndi matumba kutauni amalowera kum'mawa, kumene mphepo ikuchokera, ndiye amanyamuka tambala woyamba, mphepo isanadzuke. Pobwerera masana alibe katundu, mphepo yakula, koma ili kumsana, imamuperekeza mpaka pakhomo. Munthu ameneyu alibe foni yoonetsa zanyengo. Inu muli nayo, koma mumangoonapo ngati kugwa mvula, mu July.

Ndipo poti ndine mlangizi, ndinenepo izi. Misewu yakumidzi imene mumaikonda chifukwa kulibe magalimoto ambiri, miyezi ino ilibe chotchinga. Mu February chimanga chimakhala chitatalika mbali zonse ziwiri, mumayenda ngati muli mumpanda. Pano takolola, mapesi ena agonekedwa, ena atenthedwa ndi osaka mbewa, mitengo inathera ku makala, ku zigafa za fodya ndi kuwotchera njerwa. Mphepo ikungodutsa m'minda yambee, itanyamula dothi lapamwamba lomwe lija timalirira kuti lisapite. Takhala tikunena kuti siyani misangu m'minda, bzalani mitengo m'malire. Msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kukhala nawo nthawi ya chilimwe, nyengo yomwe ino imene mthunzi ndi chotchinga mphepo zikufunika. Ndi ochepa anamva. Wapanjinga akadutsa pamene patsala kamzere ka mitengo amamva yekha mmene njinga ikupepukira, akangotulukapo mphepo n'kumulandiranso. Samalani malo oterowo, potulukira pa mitengo, pa nyumba za pamalo ochitira malonda, ndi pamilatho ya m'madambo, chifukwa mphepo imabwera mokankha kamodzi.

A ku Blantyre musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ku Lilongwe kokha. Msampha wanu ndi woposa. Kuchoka mumzinda kudzera ku Lunzu ndi Lirangwe kutsikira ku Zalewa, mphepo ili kumbuyo komanso msewu ukutsetsereka kulowera ku Shire. Pobwerera ndi chitunda, mphepo kumaso, ndiponso kutentha kwa kuchigwa. A ku Salima nawonso, msewu wa kunyanja wolowera ku Nkhotakota umakoma popita pokha.

Chimene chimasunga khalidweli ndi chizolowezi basi. Gulu la okwera njinga linayamba kukwera mu January likulowera ku Lumbadzi, ndiye mpaka lero ndi ku Lumbadzi, chifukwa kuli malo amene amakonda kudyerako chipisi. Wina akati tisinthe njira, akulu a gulu akuti timapita konko nthawi zonse. Ndi mawu omwewo amene ndimawamva kumunda, munthu akubzala mbewu yomweyo pamzere womwewo chaka ndi chaka, zokolola zikutsika, iye akuti makolo ankatero. Ndatopa nawo mawu amenewa. Choipanso n'chakuti amene amavutika si akulu a guluwo, iwo miyendo inakhwima. Ndi mtsikana kapena mnyamata amene wabwera koyamba, popita anayenda limodzi ndi anzake bwinobwino chifukwa mphepo imathandiza aliyense, pobwerera watsala yekha m'mbuyo, anzake saoneka. Ameneyo sabweranso, njinga yake ikagona kuseri kwa chitseko mpaka matayala kuphwa.

Tsono chochita n'chachifupi. Musanakwere, imani panja muone utsi, mbendera ya pasukulu kapena masamba a nthochi, mudziwe kumene mphepo ikuchokera, muyambe ulendo molowera komweko. Miyezi ino kwa a ku Lilongwe ndiye kuti msewu wa ku Bunda ndi Mitundu, kapena wa ku Nathenje. A ku Blantyre cha ku Bvumbwe ndi Thyolo, mutatenga chovala chotchinga mphepo chifukwa chiperoni sichichedwa. A ku Salima cha ku Chipoka. Mukakakamirabe kupita ndi mphepo, musawerenge makilomita, werengani nthawi: ngati muli ndi maola atatu, tembenukani ola loyamba lisanathe. Polimbana nayo ikani giya yopepuka, khalani pachishalo, weramani, zigongono mkati, ndipo malaya okupiza ngati thumba asiyeni kunyumba. Mukakhala gulu ndondozanani mzere umodzi, wakutsogolo azisinthana ndi anzake pafupipafupi, wofooka akhale pakati, osati kumapeto. Madzi imwani ngakhale ludzu musakulimva, m'thumba mukhale nthochi kapena mtedza, chipewa choteteza mutu chikhale kumutu osati pa handulo, nyali yakumbuyo ndi yakutsogolo muzitenga ngakhale mukunyamuka masana. Za kutalika kwa chishalo ndi kukonza magiya olumpha funsani okonza njinga pamsika, amazidziwa bwino kuposa ine.