Momwe mungayikire webusaiti yanu yoyamba pa shared hosting

Webusaiti yoyamba imene ndinapanga inali ya mchemwali wanga wosoka zovala. Ankangofuna tsamba loti makasitomala aziona madiresi ndi masuti amene wasoka, mitengo yake, ndi nambala yoti amuyimbire. Ntchito yotere siifuna seva (kompyuta yosungira mawebusaiti kuti azioneka pa intaneti) yanuyanu ayi. Shared hosting imakwana, ndipo ngati mukuyamba kumene, yambirani pomwepo.

Shared hosting ili ngati nyumba za lendi za mdadada. Aliyense ali ndi chitseko chake ndi kiyi wake, koma mpopi ndi umodzi. Mawebusaiti ambirimbiri amakhala pa seva imodzi n'kumagawana mphamvu zake, n'chifukwa chake mtengo umakhala wozizira. Kuipa kwake n'koti aliyense amapatsidwa malire. Alendo akachuluka nthawi imodzi, tsamba lanu limayamba kulemera, mwinanso kulemba kuti 508 Resource Limit Is Reached. Kwa shopu, tchalitchi, sukulu kapena loji yaing'ono, zimenezi sizichitika kawirikawiri.

Choyamba gulani dzina la webusaiti, lomwe amati domain. Mutha kutenga la .com, lomwe nthawi zambiri limakhala pakati pa madola 10 ndi 20 pa chaka, kapena la kwathu kuno la .mw, lomwe limayang'aniridwa ndi a Malawi SDNP. Lisankheni lalifupi, loti munthu akalimva pa foni alilembe osafunsa kawiri. Ndipo likhale m'dzina lanu, pa imelo yanu. Alipo anyamata amene amatsatsa m'magulu a WhatsApp kuti apanga zonse pamtengo umodzi, koma domain amailembetsa m'dzina lawo. Tsiku limene mudzasemphane mawu, dzina la bizinesi yanu lidzapita nawo, pamene inu munalisindikiza kale pa zikwangwani ndi pa malisiti. Ngati wina akukuthandizani, akupatseni imelo ndi pasiwedi yolowera mu akaunti ndalama musanamalize kupereka.

Kenako hosting, malo a pa seva osungirapo mafayilo a webusaiti yanu. Mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu patsamba la kampani ndi wa ulendo woyamba wokha, ndipo kawirikawiri umafuna kuti mulipiriretu zaka zingapo. Fufuzani pamene alemba renewal, kutanthauza mtengo wolipiranso nthawi yoyamba ikatha, poti mtengo weniweni ndi umenewo, ndipo utha kukhala kawiri kapena katatu. Mawu oti unlimited asakutengeni mtima, malire a kuchuluka kwa mafayilo amakhalapo ndithu m'malamulo awo. Ine ndimaona zinthu izi: ali ndi cPanel, tsamba loyendetsera akaunti yanu ya hosting? SSL, chitetezo cha tsamba, ndi yaulere? Amasunga backup, kope la webusaiti lobwezeretsera zinthu zikaonongeka? Mukawalembera usiku amayankha? Alembereni funso musanagule, muone nthawi imene atenge. Makampani akunja amafuna madola kudzera pa khadi la Visa kapena Mastercard, ndipo vuto la ndalama zakunja tonse tikulidziwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene timalipira m'madola tinamva kuwawa. Ngati mwapeza kampani yodalirika ya konkuno yolandira makwacha pa Airtel Money kapena Mpamba, mutu umapepuka. Tengani phukusi laling'ono kwambiri, kukweza n'kosavuta.

Tsopano kulumikiza ziwirizi. Ngati domain ndi hosting mwagula malo amodzi, zimalumikizana zokha. Ngati mwagula kosiyana, mu imelo yokulandirani ya hosting muli mizere iwiri imene imayamba ndi ns1 ndi ns2. Amenewo ndi ma nameserver, olozera domain yanu ku hosting yanu. Akopereni, pitani mu akaunti ya domain, chotsani amene alimo, ikani atsopanowo. Kusinthaku kumatenga maola angapo kuti kufalikire, nthawi zina mpaka maola 48.

Apa ndi pamene ine ndinagwa nayo, ndipo ndikufuna mumvetsetse bwino. Webusaiti ya achemwali inayenda bwinobwino kwa masabata awiri. Tinaigawa kwa abale, ena anayamba kufunsa mitengo ya madiresi a ukwati. M'mawa wina foni inalira. "Achimwene, tsamba lija silikutseguka, kasitomala wangondiuza kumene." Ndinayesa pa foni, ayi. Pa laputopu, ayi. Ndinaganiza kuti ndi netiweki, ndinasintha layini, chimodzimodzi. Ndinalowa mu cPanel, mafayilo onse ali malo ake, palibe chasowa. Ndinalembera a hosting mokwiya, iwo nkuti seva yawo ilibe vuto. Ndinachotsa ma nameserver n'kuwayikanso, n'kudikira masiku awiri ndikuti mwina akufalikira. Masiku onsewo achemwali akungotumizira makasitomala zithunzi chimodzichimodzi pa foni.

Tsiku lachitatu ndinatsegula imelo yakale imene ndinalembetsera domain ija, yomwe sindinkaitsegula kawirikawiri. Mu spam munali makalata angapo ochokera komwe ndinagula dzinalo, ondipempha kudina linki yotsimikizira kuti imeloyo ndi yanga. Limeneli ndi lamulo la ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti: mukalembetsa domain ngati ya .com, muli ndi masiku 15 oti mutsimikizire imelo yanu, apo ayi dzinalo amaliyimitsa. Ndinapempha linki ina, ndinadina, ndipo tsiku lomwelo tsamba linabwerera. Vuto silinali la hosting ngakhale pang'ono, ndipo ndinawapepesa. Choncho mukangogula domain, musanachite china chilichonse, tsegulani imelo, yang'anani ndi mu spam momwe, dinani linkiyo. Lembetsani ndi imelo imene mumatsegula tsiku ndi tsiku, osati ya pa domain yomweyo, chifukwa dzina likayimitsidwa nayonso imasiya kulandira makalata, ndiye chenjezo lidzakupezani bwanji?

Zotsalazi n'zosavuta. Mu cPanel pezani Softaculous, chida choyikira mapulogalamu, sankhani WordPress, pulogalamu yopangira webusaiti, dinani Install. Pali kabokosi kolembedwa In Directory kamene nthawi zambiri kamakhala ndi zilembo wp. Zifufuteni kakhale kopanda kanthu, kupanda kutero webusaiti yanu ikakhala m'kachipinda kena, anthu akalemba dzina lanu sakaiona. Dzina lolowera lisakhale admin, ndi loyamba limene akuba amayesa. Ngati mwamaliza koma mukuonabe tsamba la kampani ya hosting, lowani mu foda ya public_html mu cPanel muchotse fayilo ya index.html imene munaipeza momwemo.

SSL ndi chitetezo chija chimene mabulawuza ena amachisonyeza ndi kaloko pafupi ndi dzina la webusaiti. Makampani ambiri amayika okha satifiketi yaulere ya Let's Encrypt kapena AutoSSL, ndipo imadzikonzanso yokha ikamatha. Wina akakuuzani kuti mulipire SSL pa tsamba longoonetsa zithunzi ndi nambala ya foni, kanani.

Theme, yomwe ndi kaonekedwe ka tsamba, tengani yaulere ya m'WordPress momwemo. Zija zogulitsa zimene ena amagawa ulere m'magulu zisiyeni, zambiri zimabwera ndi ma virus obisika. Ma plugin, timapulogalamu towonjezera pa WordPress, akhale ochepa. Zithunzi zichepetseni musanazikweze, poti makasitomala anu akutsegula ndi bandulo ya foni, ndipo tsamba lolemera amalitseka lisanamalize kutseguka. Imelo ya bizinesi pangani pa Email Accounts mu cPanel. Kamodzi pamwezi tsitsani backup muisunge pa kompyuta yanu, ndipo tsiku lothera domain ndi la hosting muwalembe pa kalendala ya foni kuti ikukumbutseni kudakali mwezi wathunthu.