Khoma la nyumbayi ndi la chiyani? Malangizo kwa olemba kalembera

Pa kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu Seputembala 2018, uja woyamba kuchitika ndi matabuleti m'malo mwa mapepala, ine ndinali m'modzi mwa oyenda khomo ndi khomo. Ambiri amangokumbukira kuti a National Statistical Office (NSO), ofesi ya boma ya ziwerengero ku Zomba, adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Ine chomwe chidandivuta n'kafunso kooneka ngati kosavuta: kodi makoma a nyumbayi ndi a chiyani? Ngati mudzagwirepo ntchitoyi, nazi zomwe ndidaphunzira nditalakwitsapo kangapo.

Choyamba, dziwani nyumba yomwe mukulemba. Pakhomo pamodzi pamakhala nyumba yaikulu, khitchini, gowelo la anyamata, bafa, nkhokwe. Funso la khoma limakhudza nyumba yaikulu yomwe banja limagonamo. Khitchini likhoza kukhala lomata pomwe nyumba yaikulu ndi ya njerwa, ndiye musasakanize. Komanso timayang'ana makoma akunja okha. Zipupa zogawa zipinda m'kati, kaya ndi mphasa kaya matabwa, sizikutikhudza.

Tsopano mitundu yake. Nyumba yomata imayamba ndi mitengo yoimika ndi nsungwi kapena bango zomangidwa ndi luzi, kenako amamata dothi mbali zonse. Pomwe dothi lagwa mumaona mitengo ija itasuzumira. Yamdindo ilibe mitengo m'kati: amathira dothi lonyowa pang'ono pakati pa matabwa n'kumadinda, akamaliza mzere umodzi amakweza matabwawo. N'chifukwa chake khoma lake limakhala lochindikala, lokhala ndi mizere yopingasa yaitali. Ziwirizi zonse ndi dothi, koma mafomu ena a NSO, monga a kafukufuku wa mabanja, amazilemba padera, choncho onani bwino fomu yomwe mwapatsidwa.

Pomwe pamagona nkhani ndi pa zidina ndi njerwa zowotcha. Zonse zimatuluka m'chikombole chimodzimodzi, kusiyana kwake n'koti zidina zimangouma padzuwa osalowa mu uvuni. Musakhulupirire mtundu. Kumene dothi lake ndi katondo, chidina chimafiira ngati chowotcha. Ine ndinkapita m'munsi mwa khoma, pomwe madzi a m'denga amathovukira: chidina chimadyeka, m'mbali mwake mumakhala mozungulira, ndipo mukachikanda ndi chikhadabo chimatuluka fumbi. Njerwa yowotcha imalimba, mukaigogoda ndi kiyi imalira, ndipo zina zimakhala ndi mawanga akuda a moto. Chinanso, anthu ambiri kumudzi amamanga njerwa zowotcha ndi matope m'malo mwa simenti. Imeneyo ndi ya njerwa zowotcha ndithu. Timalemba chomangira, osati cholumikizira.

Pulasitala ndiye amapusitsa kwambiri. Tsiku lina ndidafika pa nyumba yamalata, yopakidwa laimu, khonde lozira bwino lomwe. Ndidali nditadina kale njerwa zowotcha pomwe mayi a pakhomopo adandiitanira kuseri kuti ndikhale pamthunzi. Kuseriko kunalibe pulasitala, zidina zokhazokha. "Amayi, kodi njerwazi munawotcha?" Iwo adaseka. "Tiwotche ndi nkhuni ziti, mwana wanga? Simenti ija tidangopaka kumaso kuti anthu odutsa asatiseke." Kuyambira pamenepo nyumba iliyonse ndinkaizungulira, nditapempha kaye. Ikakhala yopakidwa mbali zonse, funsani mwini wake mwaulemu kuti pansi pa pulasitala pali chiyani. Wochita lendi nthawi zina sadziwa. Yang'anani pa zenera kapena pamwamba pomwe khoma lakumana ndi denga, pamenepo omanga ambiri sapakapo.

Nyumba yosakaniza, monga zipinda ziwiri zakale za zidina ndi chimodzi chatsopano cha njerwa zowotcha, mumalemba chomwe chatenga mbali yaikulu. Mwini wake angakonde kuti mulembe chatsopanocho, koma yankho ndi limodzi basi, la chochuluka.

M'matauni mudzakumana ndi mabuloko a simenti, akuluakulu otuwa, omwe achuluka chifukwa mitengo yowotchera njerwa ikutha. Amenewa musawaike pa njerwa zowotcha. Za malata, matabwa, bango kapena udzu sizivuta, zimaoneka zokha. Chomwe simukuchipeza pa mndandanda, sankhani "zina" ndipo mulembe dzina lake, musachikankhire pomwe sichikukwana.

Chifukwa chake cha khama lonseli n'choti yankho la khoma amaliphatikiza ndi la denga pogawa nyumba m'magulu atatu. Khoma la njerwa zowotcha, konkire kapena miyala lokhala ndi denga lamalata kapena matailosi ndi nyumba yokhazikika. Khoma ladothi ndi denga laudzu ndi yachikhalidwe. Zikasakanikirana, monga zidina ndi malata, kapena njerwa zowotcha ndi udzu, imagwera pakatikati. Nyumba ya mayi aja ndikadailemba ngati yokhazikika pomwe inali yapakatikati, ndipo pokonza thandizo mvula ikagwetsa nyumba, monga zidachitikira kum'mwera ndi namondwe Freddy mu 2023, ziwerengero zoterezi n'zomwe zimaonetsa madera omwe makoma ake sapirira madzi.

Madzulo aliwonse, musanatumize zomwe mwalemba, bwererani pa nyumba zonse zomwe mwalemba kuti ndi za njerwa zowotcha, ndipo mudzifunse ngati kuseri kwake mudafikako.