Momwe mungasewerere magemu akale odinadina pa kompyuta ya masiku ano

Mwezi wathawu ndikusesa m'katoni ya katundu wakale ndinapezamo ma CD awiri a Broken Sword, gemu ya 1996 ija yomwe imayamba ndi bomba kuphulika pa kafe ku Paris. Ndinati ndiiseweranso, koma laputopu inakana. Simungaiimbe mlandu. Magemu a nthawi imeneyo anapangidwira DOS kapena Windows 95, ndipo Windows ya 64-bit yomwe ambiri tili nayo siyendetsa mapulogalamu a DOS.

Mankhwala ake ndi pulogalamu yaulere yotchedwa ScummVM. Inayamba mu 2001, ndipo dzinali linachokera ku SCUMM, chida chomwe a Lucasfilm Games anapangira Maniac Mansion mu 1987 n'kudzachigwiritsanso ntchito pa The Secret of Monkey Island mu 1990 ndi Day of the Tentacle mu 1993. Ntchito ya ScummVM ndi kulowa m'malo mwa fayilo yoyatsira gemu. Zithunzi, mawu ndi nyimbo zimachokerabe m'mafayilo enieni a gemuyo, choncho mafayilowo muyenera kukhala nawo.

Poyamba itengeni pa scummvm.org, osati kwina. Pali masamba ambiri olonjeza magemu akale onse m'fayilo imodzi, ndipo mukadina batani lalikulu lobiriwiralo mumalandira zina zomwe simunapemphe. Nawonso anyamata ogulitsa ma CD ootcha okha pamsika, aja olembedwa ndi maka, musawakhulupirire kwambiri: kuti fayilo ikwane amadula mawu ndi makanema. Kuika pulogalamuyi sindifotokoza, ndi kudina Next basi.

Ngati mulibe gemu, musathamangire kugula. Pa scummvm.org pomwepo pali Beneath a Steel Sky ya 1994 ndi Flight of the Amazon Queen ya 1995, zomwe eni ake anazipereka ulere. Kwa amene bandulo ikuwavuta, tengani ya floppy yomwe ndi yaing'ono, ngakhale ilibe mawu a anthu olankhula. Ofuna kugula, sitolo ya pa intaneti yotchedwa GOG imagulitsa magemu ambiri akalewa ndipo mitengo imatsika kwambiri nthawi ya seli, bola khadi lanu la kubanki lizilola kulipira kunja.

Tsopano pofika pa ma CD, apa ndi pomwe ndinagwa chagada. Laputopu yanga ilibe polowetsa CD, ndiye ndinabwereka draivi ya USB kwa mnzanga. Ndinapanga foda imodzi, ndikukoperamo zonse za pa CD yoyamba, kenako za yachiwiri. Windows inandifunsa ngati ndikufuna kulemba pamwamba pa mafayilo ofanana mayina, ine osaganiza ndinangovomera zonse, draivi ndikukabweza madzulo omwewo. Kuyatsa gemu, nyimbo zikumveka bwinobwino, koma George Stobbart, munthu yemwe mumamuyendetsa m'gemumo, akungogwedeza pakamwa ngati nsomba. Ndinakweza voliyumu, ndinasintha mahedifoni, ndinachotsa ScummVM ndikuiikanso kawiri konse. Usiku wonse unapita.

Vuto linali kafayilo kamodzi. CD iliyonse ili ndi fayilo yake ya mawu, ndipo zonse ziwiri dzina lake ndi SPEECH.CLU, ngakhale zamkati mwake ndi zosiyana. Povomera kuja ndinafafaniza mawu a pa CD yoyamba ndi a yachiwiri. Choyenera ndi ichi: mukakopera ya pa CD yoyamba, isintheni dzina nthawi yomweyo ikhale SPEECH1.CLU, kenako ya pa CD yachiwiri muitche SPEECH2.CLU. Musadikire kuti mudzasintha pomaliza, mudzasokoneza. Ndipo draivi yobwereka musabweze musanamve munthu akulankhula m'gemumo. Ine ndinachita kukaipemphanso mwamanyazi, mwini wake atapita nayo kumudzi sabata yathunthu. Magemu ena a ma CD angapo alinso ndi misampha yotere, ndiye musanakopere yang'anani pa wiki ya ScummVM mndandanda wa mafayilo omwe gemu yanu ikufuna.

Mafayilo akakhala m'malo, tsegulani ScummVM, dinani Add Game, lozani foda ija. Ikaizindikira dzina la gemu lituluka pa mndandanda. Ikakana, kawirikawiri ndiye kuti mwaloza foda yolakwika kapena simunamasule zip.

Zotsalazi ndi zazing'ono. Alt ndi Enter zimadzadzitsa sikirini yonse. Magemu ambiri a DOS anali a 320x200, ndiye anthu akamaoneka onenepa ngati maungu yatsani aspect ratio correction. Zosalalitsa zithunzi ine sindizikonda, zimapangitsa nkhope kuoneka ngati zasungunuka, koma yesani nokha. Yatsaninso mawu olembedwa pansi, chifukwa nthabwala za magemuwa zimathamanga.

Ctrl ndi F5 zimatsegula menyu yosungira pomwe mwafika. Sungani pafupipafupi, magetsi sachenjeza, komanso mu Broken Sword ndi Beneath a Steel Sky munthu wanu amatha kufa, pomwe mu Day of the Tentacle mulibe zimenezo. Pa foni ya Android ScummVM iliponso, mumangokopera foda yomweyo, ngakhale kusaka kachinthu kakang'ono ndi chala kumatopetsa. Mu Broken Sword, mukafika ku Ireland n'kukumana ndi mbuzi yokutsekerani njira, musaganize kuti fayilo ina yawonongekanso. Imagunda aliyense.